Woimba wa ku China amene akazembe sangatibweretsere

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene munalemba patsamba lanu la zisangalalo, yoyamikira oimba ndi ovina ochokera ku China amene anadzasangalatsa anthu pa chikondwerero cha chaka chawo chatsopano. Kuti anthu aja ndi akatswiri palibe angatsutse. Pamene ndasemphana ndi mtolankhani wanu ndi pomwe ananena kuti oimba a ku China onse ndi odzisunga, saphonya kiyi, choncho achinyamata athu atengere chitsanzo. Amene iye anawaonawo ndi oimba amene boma la kumeneko limasankha kuti akaonekere kunja. Ine ndinakhalako ku Beijing pa maphunziro, m'zaka zimene Amalawi tinayamba kupitako ambiri dziko lathu litasiyana ndi Taiwan kumapeto kwa 2007, ndipo woimba amene anzanga okonda nyimbo ankamutchula ndi ulemu anali bambo woti mphunzitsi wa kwaya aliyense kuno angamubweze pakhomo tsiku loyamba lomwe.

Amadziwika ndi dzina loti Zuoxiao Zuzhou, ngakhale makolo ake anamutcha Wu Hongjin. Anabadwa mu 1970 m'chigawo cha Jiangsu, cha ku Yancheng, m'banja la anthu ogwira ntchito m'mabwato. Chipewa sichichoka kumutu kwake. Mawu ake ndi okhuthala, olemera, amafika mochedwa zida zitafika kale, ndipo akafika amatera pambali pa kiyi. Satera patali penipeni ayi, amangotera pambali pokwanira kuti khutu lanu lisowe mtendere. Pena amang'ung'udza chamumtima, pena amakoka liwu limodzi mpaka lithothoke, pena amakuwa moti mumachita kumumvera chisoni kummero. Kalankhulidwe kake ndi ka kwawo kumudzi, ndipo ngakhale anzanga obadwira ku Beijing komweko ankachita kuwerenga mawu a nyimbo papepala kuti amve chimene akunena. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Uyu anaipitsa nyimbo yeniyeniyo, mwadala, ndipo wadya nayo zaka zoposa 30.

Ndikuti mwadala chifukwa umboni uli m'zimbale zake zomwe. Mukatchera khutu ku zimene zili kuseri kwa mawu akewo, makamaka m'zimbale za kuyambira 2005, mupeza zida zokonzedwa mwaukhondo wodabwitsa: mavayolini, malipenga, piyano, amayi oyankhira ndi mawu okoma, chilichonse chili pamalo pake. Woyang'anira ntchito yonseyo ndi iye mwini. Munthu wogontha ku kiyi sangayale zida chotero. Amamanga nyimbo yokongola, kenako n'kulowamo ndi mawu okana kukongola, ndipo kulimbana kwa ziwirizo ndiko chimene omukonda amatsatira.

Chimene ankakanacho chili ndi mbiri yake. Kwa nthawi yaitali woimba wovomerezeka ku China ankadutsa njira imodzi: sukulu ya zoimba, kenako gulu la boma, kaya la asilikali, la ogwira ntchito za njanji, la a m'migodi ya malasha kapena la chigawo. Malipiro, nyumba ndi penshoni zinkachokera kumeneko. Wopambana anzake ankaonekera pa pulogalamu ya usiku wa chaka chatsopano pa kanema wa boma wa CCTV, imene yakhala ikuonetsedwa kuyambira 1983 ndipo pafupifupi banja lililonse limaonera. Peng Liyuan, mkazi wa mtsogoleri wa dzikolo Xi Jinping, anatchuka kudzera njira yomweyi, akuimba atavala yunifolomu ya usilikali, mwamuna wake anthu wamba asanamudziwe n'komwe. Kaimbidwe ka m'magulu amenewa n'kowala, kokwera, kosalakwa, ndipo n'komwe alendo athu aja anabwera nako. Mu 1986 kunatulukira Cui Jian, amene anakwera pa nsanja ku Beijing atapinda mwendo umodzi wa thalauza, n'kuimba ndi mawu okalipa, nyimbo za rock n'kubadwa m'dzikomo. Asilikali atathetsa mwankhanza zionetsero za pa bwalo la Tiananmen ku Beijing mu 1989, kumene ophunzira ankaimba nyimbo yake, zitseko za kanema ndi za mabwalo akuluakulu zinayamba kutsekeka kwa oimba a mtundu umenewu. Obwera m'mbuyo mwake anakulira kuseri.

Kuseriko sukulu yawo inali zinyalala, zinyalala zenizeni. Makampani a nyimbo ku America akatsala ndi makaseti ndi ma CD osagulidwa, ankawacheka ndi sowo pakona kapena kuwaboola kuti asalowenso m'sitolo, n'kuwagulitsa monga pulasitiki wokasungunula. Sitima zapamadzi zinkatula katunduyo m'madoko a chigawo cha Guangdong. Anthu ochenjera anaona kuti chilondacho sichinaphe nyimbo. Kaseti ankaimasula, n'kulumikiza tepi yodukayo ndi selotepi, n'kuitsekanso. CD imayamba kuimba kuchokera pakati kupita kumphepete, choncho sowo ikadya m'mphepete imangopha nyimbo imodzi kapena ziwiri zomaliza, zinazo zili bwinobwino. Katundu ameneyu ankamutcha dakou, ndipo m'badwo wonse wa oimba a m'zaka za m'ma 1990 umadziwika ndi dzina lomwelo. Zinali ngati kutsegula belo la kaunjika: chimene chatuluka ndi chomwecho, palibe wokuuza kuti ichi n'chakale, ichi n'chatsopano, ichi kwawoko chinatchuka, ichi eni ake anachikana. Mnyamata ankamva opera, jazz yosokonekera, heavy metal ndi nyimbo za azungu akumidzi sabata imodzi, popanda mphunzitsi womuuza kuti zimenezi siziyendera limodzi. Zuoxiao atachoka ku usilikali, kumene analowa akadali wamng'ono, ankagulitsa makaseti amenewa ku Shanghai. Wogulitsa ayenera kumvera katundu wake yense kuti adziwe chouza kasitomala, ndiye khutu lake linaleredwa ndi msokonezo umenewo.

Mu 1993 anasamukira ku Beijing, n'kukakhala m'mudzi wosauka wa kum'mawa kwa mzindawo wotchedwa Dashanzhuang, pafupi ndi kotayira zinyalala. Lendi kumeneko inali yotsika chifukwa okhalako ambiri anali otola zinyalala ndi aganyu ochokera kumidzi. Achinyamata a zaluso amene anasonkhana m'mudzimo anautcha East Village, potengera dera lina la ku New York, ndipo m'menemo ndi mmene iye ndi mnzake Ye Qian anayambitsira bandi yotchedwa NO. Anansi ake ambiri sanali oimba. Anali anthu amene luso lawo linali thupi lawo lomwe. Mu 1994 Zhang Huan anadzola uchi ndi mafuta a nsomba thupi lonse, n'kukhala wamaliseche ola lathunthu m'chimbudzi cha mudzi wonse nyengo yotentha, ntchentche zikumuyenda kumaso, kenako anadzuka n'kulowa m'dziwe lauve mpaka madzi kumumiza mutu. Ma Liuming ankadzikongoletsa nkhope ya chikazi thupi lili la mwamuna, n'kumaphika pabwalo ali wosavala. Apolisi anafika chaka chomwecho, anagwira ena kuphatikizapo Ma Liuming, mudzi n'kubalalika. Zinatsala ndi zithunzi zimene anajambula Rong Rong, ndipo Zuoxiao akuonekamo ali ndi tsitsi lofika m'mapewa.

Chaka chotsatira, mu 1995, anthu 10 a m'gulu lomweli anakwera phiri la Miaofeng kumadzulo kwa Beijing. Anavula, anayezedwa pa sikelo, n'kugona mosanjikizana, olemera pansi opepuka pamwamba, kuti phirilo litalikeko ndi mita imodzi. Zuoxiao anali mmodzi wa iwo. Patapita zaka, zithunzi za ntchito zoterezi zitayamba kugulidwa ndalama zankhaninkhani ndi anthu olemera a ku Ulaya ndi ku Hong Kong, iye anajambulitsa china chofanana nacho, koma m'malo mwa anthu anasanjikiza nkhumba. Ndi munthu wotero: amaseka anzake, amadziseka yekha, ndipo pa kusekako amapezerapo ndalama.

Ndikudziwa kuti awerengi ena afika apa n'kugwedeza mutu kuti imeneyi ndi misala basi. Sindikupempha aliyense kuti azikonde. Ndikungofuna muone kumene mawu okhota aja anachokera. Anthu a m'mudzi muja analibe ndalama zogulira utoto, analibe nyumba yoonetsera ntchito zawo, analibe chilolezo cha boma. Chimene aliyense anali nacho ndi thupi, ndi kutopa kwake, thukuta lake ndi manyazi ake, ndipo anagwiritsa ntchito chomwecho. Zuoxiao anatengera maganizo amenewa kummero. Mpweya ukamuthera sabisa, mawu akasweka sawakonza. Ngakhale vayolini, chida chaulemu chimene ana a mabanja opeza bwino amaphunzira, iye ankachikwekwesa kuti chilire mokwiyitsa mano.

Panalinso chifukwa chimene chinkawawitsa nyimbo za anyamata amenewa, ndipo mtolankhani aliyense wolemba za China ayenera kuchidziwa. Munthu aliyense m'dzikomo amalembedwa m'kaundula wa kwawo kwa makolo ake, wotchedwa hukou. Wochokera ku Jiangsu kapena ku Xinjiang akakhala ku Beijing ankafunika chiphaso cha mlendo, ndipo wopezeka alibe ankatha kugwidwa pamsewu, kutsekeredwa, kugwiritsidwa ntchito ya kalavulagaga, n'kukwezedwa sitima kubwerera kwawo. Lamulo lololeza kutsekera ndi kubweza anthu chonchili linathetsedwa mu 2003, mnyamata wina wophunzira bwino, Sun Zhigang, atamenyedwa mpaka kufa m'malo otsekera anthu otere ku Guangzhou. Oimba ambiri a m'mabandi akuseri anali alendo a mtundu umenewu. Ankakhala m'tizipinda ta alimi m'midzi ya m'mphepete mwa mzinda, monga Shucun kumpoto chakumadzulo, pafupi ndi sukulu ya zoimba ya Midi, akutsekera mazenera ndi mabulangete kuti phokoso la ng'oma lisakwiyitse eni nyumba. Munthu wa tsitsi lalitali wopanda ntchito yodziwika anali woyamba kuimitsidwa ndi wapolisi. Wokhala moyo wotero mukamupempha kuti aimbe mosalala mukumupempha kuti aname.

Chimbale choyamba cha NO chinatuluka mu 1998, ndipo anawasamalira anali a Modern Sky, kampani imene Shen Lihui anayambitsa mu 1997 ndipo lero ndi yaikulu kwambiri pa nyimbo za achinyamata m'dzikomo. Chimbale chilichonse chofuna kulowa m'sitolo chinkayenera kudutsa kwa wosindikiza wa boma, ndipo mawu a nyimbo ankawerengedwa kaye. Oimba anaphunzira njira zozembera. Ena ankalemba pachikuto mawu omveka mofanana ndi oimbidwawo koma a tanthauzo lina, ena ankangochotsa mzere wovuta papepala n'kuusiya m'nyimbo. Apa ine ndimaona kuti kutafuna mawu kwa Zuoxiao kunamuthandiza. Wofufuza wa mu ofesi akamvera kamodzi amangomva munthu wong'ung'udza. Womukonda, amene amvera kakhumi, ndiye amatola zonse, za atsikana ogwidwa ndi apolisi, za anthu okadandaula kulikulu amene palibe wowamvera, za akuluakulu odya bwino.

Mu 2005 anachita chimene chinadabwitsa ngakhale anzake. Nthawi imeneyo CD yakuba inkagulidwa pansi pa 10 yuan (ndalama ya ku China) pamsika uliwonse, ndipo nyimbo iliyonse inkapezeka ulere pofufuza pa Baidu. Oimba athu kuno akudziwa ululu umenewu, chimbale kutuluka m'mawa, madzulo obena agawana kale m'mafoni a anthu. Anzake ankatsitsa mitengo kuti apikisane ndi akuba. Iye anasiyana ndi makampani, anatulutsa yekha chimbale, n'kuika mtengo wa 150 yuan. Mu 2008 anatulutsa china cha ma CD awiri pa 500 yuan. Anthu anamutukwana kuti wapenga, koma zinagulidwa. Kuwerengera kwake kunali kosavuta: wofuna kumva chabe amva ndithu, palibe angamuletse, wogula ndi amene akufuna chinthu chogwirika chokonzedwa bwino, ndipo woteroyo salira mtengo. Chachikulu n'chakuti matepi ake onse ndi mphamvu yonse pa nyimbo zake zinakhala m'manja mwake. Panalibe bwana wa kampani woti amuuze kuti nyimbo iyi ichotsedwe itipalamulitsa. Ngati achinyamata athu akufuna chitsanzo chochokera ku China, chimenechi n'chimene ine ndingawalozere, poyerekeza ndi kumwetulira kofanana kwa ovina 20.

Ufulu umenewu anaugwiritsa ntchito pa nkhani ya Qian Yunhui, ndipo nyimbo imene inatulukapo ndi imene sindinaiwale. Qian anali mkulu wa mudzi wa Zhaiqiao, ku Yueqing m'chigawo cha Zhejiang, wosankhidwa ndi anthu ake. Kwa zaka zambiri ankadandaula kuboma za minda ya mudziwo imene inatengedwa kuti pamangidwe malo opangira magetsi, ndipo anamangidwapo chifukwa cha madandaulo omwewo. Pa 25 December 2010 anapezeka atafa pansi pa tayala la chilole chonyamula zomangira, pamsewu wa pamudzi pawo. Chithunzi cha mtembo wake chinafalikira pa intaneti dziko lonse. Apolisi anati inali ngozi yapamsewu, dalaivala anaweruzidwa, koma anthu ambiri sanakhulupirire. Woimba wina akanalemba nyimbo yachisoni n'kuiimba yekha mokoma kuti anthu amuombere m'manja. M'chimbale chake cha 2011, Zuoxiao anapereka maikolofoni kwa bambo ake a malemuyo. Mumamva nkhalamba ikulira mwana wake, mawu akunjenjemera, m'chilankhulo cha kwawo chimene anthu ambiri a ku China komweko sachimva, zida zikungoiperekeza pang'onopang'ono. Mnzanga wa m'kalasi amene anandimvetsa nyimboyi anandipatsa chomvera cha khutu limodzi, chinacho ali nacho iye, tili pa benchi kunja kwa laibulale. Sanandimasulire kalikonse chifukwa nayenso samamva. Panalibe chofunika kumasulira. Aliyense amene anakhalapo pamaliro amadziwa kuti wolira mwana sasamala za kiyi, ndipo munthu amene wakhala zaka zonsezo akuphunzitsa omvera ake kupirira mawu osweka ndiye yekha akanatha kuika kulira kotero m'chimbale osakusandutsa zokometsera.

Ubwenzi wake ndi Ai Weiwei, katswiri wa zaluso amene anathandiza nawo kukonza maonekedwe a bwalo la masewero a Olympic a 2008 ku Beijing, unamuika pafupi kwambiri ndi moto. Chivomerezi cha ku Sichuan cha pa 12 May 2008 chitagwetsa masukulu omangidwa mwachinyengo, Ai ndi anthu ongodzipereka anayenda khomo ndi khomo kulemba mayina a ana oposa 5,000 amene anafa. Mu August 2009 Ai anapita ku Chengdu kukaikira umboni Tan Zuoren, amene ankazengedwa mlandu atafufuza nkhani yomweyo. Zuoxiao anali naye paulendowo. Apolisi anawalowera mu hotela usiku, Ai anamenyedwa m'mutu, ndipo mwezi wotsatira anachitidwa opaleshoni ku Munich magazi atasonkhana mu ubongo. Ai atagwidwa pabwalo la ndege la Beijing pa 3 April 2011 n'kusungidwa masiku 81, oimba ambiri otchuka anangoti zii. Zuoxiao anaonetsa mawu opempha kuti mnzakeyo amasulidwe pa chinsalu chachikulu akuimba pa chikondwerero ku Zhouzhuang, ndipo naye apolisi anamutenga kukamufunsa. Mu 2013 ndi iye anakonza zida za chimbale chimene Ai anaimbamo za masiku ake a m'chitokosi. Ai ndiye saimba n'komwe, ameneyo amaphonya kiyi moona mtima.

Kunja kwa China amudziwa ochepa. Bandi ya ku Canada ya Cowboy Junkies inaimbanso nyimbo yake m'Chingerezi mu 2010, mtsogoleri wake Michael Timmins atakhalako miyezi ingapo ku Jiangsu ndi banja lake. Waimbaponso ndi Bobby Chen wa ku Taiwan, komanso ndi Zeng Yike, mtsikana amene dziko lonse linamuseka pa mpikisano wa pa kanema mu 2009 chifukwa cha mawu ake onjenjemera. Pamene ena ankamunyoza, Zuoxiao anamuitana ku situdiyo.

Si iye yekha, ndipo pa kusewera ndi mawu alipo omuposa. Ife ophunzira ochokera kunja ambiri tinkayambira ku Wudaokou, kumene kuli yunivesite yophunzitsa alendo Chitchaina. Pamsewu wa Chengfu panali kabala kopapatiza kotchedwa D-22, kamene anatsegula mu 2006 Michael Pettis, Mmereka wophunzitsa za chuma pa Peking University. Lachiwiri lililonse unali usiku wa oyesa zachilendo, ndipo nthawi zina oimba ankachuluka kuposa omvera. Kumeneko ndinaonera Xiao He, wa ku Handan m'chigawo cha Hebei, amene ankatsogolera bandi ya Glorious Pharmacy. Anakhala pampando, gitala pamiyendo, kompyuta pambali. Anayamba ndi kupuma chabe pa maikolofoni, n'kujambula kupumako kuti kuzibwerezabwereza. Pamwamba pake anaika kudzuma, kenako kuseka kwa mwana, kenako mawu a mayi wokalipa pamsika, zonsezo zikutuluka pakamwa pamodzi, popanda liwu limodzi la chilankhulo chilichonse. Mitsempha ya m'khosi inatupa, maso ali tseke. Mwadzidzidzi anazimitsa zonse n'kuimba kanyimbo kofewa ka mizere iwiri, molondola moti mphunzitsi wa kwaya uja akanagwetsa misozi. Ndiye musamati anthu awa amaphonya chifukwa cholephera. Xiao He yemweyu kuyambira 2018 wakhala akuyenda m'mapaki a mizinda kufunsa agogo kuti amuimbire nyimbo zimene ankaimba ali ana, n'kumazijambula zisanapite nawo kumanda.

Sindikufuna kumupaka Zuoxiao utoto wa woyera mtima. Ndi munthu wodzitama, ndipo kudzitamako amachita kukugulitsa. Mtengo wa 500 yuan unatanthauza kuti aganyu ndi alimi olandidwa minda amene amawaimba m'nyimbo zake sangagwire chimbalecho ndi manja awo. Ogula anali a zaluso, atolankhani ndi ochita malonda a m'mizinda ikuluikulu. Zimbale zake za m'zaka zaposachedwa zachuluka kwambiri, ndipo kwa ine zina zimamveka ngati munthu amene wazindikira kuti kukhota kwa mawu ake ndi katundu wogulika, ndiye akungopakira. Amene anamutsatira kuyambira m'masiku a NO ena amati mkwiyo unathera m'mbale ya chakudya chabwino. Ine sindifika pamenepo, chifukwa nyimbo ya nkhalamba ija anaitulutsa ali kale wopeza bwino, pamene anali ndi zambiri zoti ataye.

Dziko limene linamulera nalo linasintha. D-22 inatsekedwa mu 2012, ndipo XP, malo amene analowa m'malo mwake, anatsekedwa mu 2015. Lendi ku Beijing inakwera, midzi ya m'mphepete ija inagwetsedwa. Zikondwerero za nyimbo zinakula n'kukhala malonda aakulu, ndipo mu 2019 pulogalamu ya mpikisano wa mabandi pa kanema wa pa intaneti wa iQiyi inatengera ena a kuseri aja m'nyumba za anthu mamiliyoni, atasambitsidwa bwinobwino. Ndalama zinabwera, koma zinabwera ndi mafomu: wokonza phwando lililonse la nyimbo amayenera kupereka mawu a nyimbo zonse kuti avomerezedwe tsiku lisanafike. Mnyamata wa lero ali ndi zida zabwino ndi nyimbo za dziko lonse m'foni, koma malo oti alakwitsiremo momasuka achepa kuposa nthawi ya makaseti ocheka.

A Mkonzi, China imene ife timaiona kuno ndi ya nyumba ya malamulo ku Lilongwe, bwalo la masewero la Bingu, msewu wa Karonga kukafika ku Chitipa, yunivesite ya ku Ndata ndi masitolo a m'matauni. Zonsezo n'zoona ndipo tikuzigwiritsa ntchito. Koma dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni silingakhale ndi mawu amodzi, ndipo ife amene tinakhala pansi pa lamulo la 1968 lofufuza mabuku, mafilimu ndi nyimbo tisamavutike kumvetsa kuti kumene wailesi ikuimba zosalala zokhazokha kumakhala ena akuimbira kuseri kwa chitseko. Atolankhani athu amaitanidwa kawirikawiri kukacheza ku China, ndipo amabwerako ndi zithunzi za Great Wall, mafakitale ndi sitima zothamanga. Pempho langa n'lakuti wanu akadzapitanso, usiku umodzi adzazembe chakudya cha aulemu, akwere sitima ya pansi pa nthaka ya mu Beijing kupita cha ku Gulou kapena ku Yonghegong, afunse wachinyamata aliyense wonyamula gitala kuti lero kukuimbidwa kuti, akakhale kumbuyo mpaka bandi yomaliza, adzatilembere zimene wamva. Asananyamuke amvereko Zuoxiao pa YouTube akadali kuno, chifukwa kumeneko YouTube ndi yotseka. Ayambire chimbale cha 2005. Cha 1998 chija chingamuthawitse.

Wowerenga wanu wa nthawi zonse,
Area 25, Lilongwe